Nyumba yagwa ndi mvula: kodi khonsolo ithandiza?

Mayi, musayembekezere kuti khonsolo ikupatsani ndalama zomangira nyumba ina. Thandizo nthawi zambiri limabwera ngati katundu, monga chimanga, zofunda ndi mapepala apulasitiki ofolerera, kuchokera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kudzera kukhonsolo.

Lero lomwe kauzeni amfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti akulembeni. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo jambulani nyumbayo musanachotse njerwa. Ambiri amaphonya apa: amathamangira kwa abale, olemba maina n'kudutsa, dzina osalowa mulipoti. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Ngati muli ku Zomba, dziwani kuti kuli makhonsolo awiri. Ngati mumakhala ku Chikanda kapena Matawale pitani kukhonsolo ya mzinda, ngati ndi ku Jali pitani kukhonsolo ya boma la Zomba.

Ngati muli pafupi ndi mtsinje wa Likangala, musamangenso musanafunse injiniya wa khonsolo.