Chifuwa chikayamba munthu atalandira immunotherapy

Mayi wina wa ku Lobi, m'boma la Dedza, wandilembera imelo. Amuna awo akudwala khansa ya m'mapapo ndipo analandira pembrolizumab (mankhwala a immunotherapy, othandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa) ku India, koma chibwerereni ali ndi chifuwa chouma ndipo akubanika akangoyenda kuchoka pakhonde kufika pakhola la mbuzi. Sikani ya CT yaonetsa mawanga atsopano m'mapapo, koma madokotala sanatsimikize ngati khansayo yakula. Mayiwa akufunsa ngati mankhwalawo akanika.

Mayi, sikani imodzi siingayankhe funso limeneli. Mankhwalawa sapha khansa mwachindunji. Amamasula chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi chotupacho, ndipo nzeru imeneyi ndi imene inapezetsa James Allison ndi Tasuku Honjo mphoto ya Nobel mu 2018. Asilikali a m'thupi akaunjikana pa chotupa, chimatha kuoneka chachikulu ngakhale chikugonja. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma zimachititsa madokotala kubwereza sikani pakatha milungu 4 mpaka 8, ngati wodwalayo akadali ndi mphamvu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kubanikako, chifukwa sikungadikire milungu imeneyo. Chitetezo chomasulidwacho nthawi zina chimatembenukira mapapo enieniwo n'kuwatupitsa, vuto limene madokotala amalitcha pneumonitis, ndipo limatha kubwera ngakhale patapita miyezi chilandirireni mankhwala omaliza. Kwathu kuno, mphepo ya mu Juni ikamatsika m'phiri la Dedza, aliyense amakhosomola, motero n'kwapafupi kunena kuti ndi chimfine n'kukagula mankhwala kugolosale. Chonde musatero. Vutoli likapezeka msanga limamva mankhwala monga prednisolone, madokotala ataimitsa kaye immunotherapy, koma likanyalanyazidwa limatha kutenga moyo.

Komabe prednisolone si woyamba nokha kunyumba, pakuti amafooketsa chitetezo, ndipo TB ndi chibayo zimatha kuoneka mofanana ndi vutoli pa sikani. Ngati m'mapapomo muli TB, prednisolone aipatsa mpata. Pemphani kuti makhololo ayezedwe ndi makina ofufuzira TB otchedwa GeneXpert, ndipo ngati sakutuluka, madokotala ali ndi njira zowakokera.

Apititseni bambo kuchipatala lero lomwe, akawayeze mpweya ndi kachipangizo kopana chala kaja. Tengani mapepala onse a ku India osonyeza dzina la mankhwala ndi tsiku limene analandira komaliza, pamodzi ndi zithunzi za sikani yakale kuti akayerekeze ndi yatsopanoyi. Muuzeni dokotala woyamba kuwaona kuti analandira pembrolizumab, ndipo mumupemphe alankhule ndi madokotala a khansa a ku Kamuzu Central Hospital.