Mmene chiyankhulo cha ku Florence chinasandukira Chitaliyana

Wowerenga wina amene akukonzekera kukaphunzira ku Rome wandilembera pa imelo kufunsa ngati Chitaliyana ndi Chilatini chongosinthidwa dzina, komanso chifukwa chake munthu wa ku Sicily ndi wa ku Venice amavutika kumvana aliyense akamayankhula chakwawo. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi.

Chitaliyana chinachokeradi ku Chilatini, koma chinali Chilatini cha pamsika, cha asilikali ndi alimi, chimene chinasintha mosiyanasiyana dera ndi dera ufumu wa Aroma utagwa. Chimodzi mwa zolemba zakale kwambiri m'chiyankhulo cha anthu wamba ndi cha mlandu wa malo a amonke a ku Montecassino, umene unazengedwa ku Capua m'chaka cha 960. Chikalata chonse chili m'Chilatini, kupatula lumbiro la mboni.

Chimene lero timachitcha Chitaliyana kwenikweni ndi chiyankhulo cha mzinda wa Florence, ndipo anachikweza ndi alembi, osati mafumu. Dante Alighieri, amene anamwalira mu 1321, analemba ndakatulo yake yaikulu m'chiyankhulochi, ndipo Petrarca ndi Boccaccio anatsatira. Mu 1525 mlembi wina, Pietro Bembo, ngakhale anali wa ku Venice, analimbikitsa kuti olemba azitsanzira awiri omalizawa. Bungwe la Accademia della Crusca linatulutsa dikishonale yake mu 1612. Dzina lake limandisangalatsa: "crusca" ndi madeya, kutanthauza kuti ntchito yawo inali kupeta mawu kuti patsale ufa wokhawokha.

Koma ufawo unali wa ophunzira okha. Katswiri wa ziyankhulo Tullio De Mauro anadzayerekeza pambuyo pake kuti pamene dziko la Italy linakhala limodzi mu 1861, amene ankatha kuyankhula Chitaliyana sankafika atatu pa anthu 100 alionse; ena amati chiwerengerochi anachichepetsa, koma palibe amene amatsutsa kuti anali ochepa. Otsalawo ankayankhula ziyankhulo za kwawo, zimene ndi abale a Chitaliyana obadwa kwa mayi mmodzi, osati ana ake. Sukulu, usilikali ndi kusamukira m'mizinda ya mafakitale zinachifalitsa pang'onopang'ono, kenaka wailesi yakanema ya RAI, imene inayamba mu 1954, inachilowetsa m'nyumba. Kuyambira 1960 mpaka 1968, mphunzitsi Alberto Manzi ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba pa kanemayo, akujambula zilembo ndi makala pa mapepala akuluakulu.

Choncho inu amene mwafunsa, phunzirani Chitaliyana cha m'kalasi ndipo adzakumvani paliponse, koma mukadzafika pamsika wa ku Naples musadzadabwe ogulitsa akamacheza okhaokha inu osatolapo kanthu.