Ku Tsangano nthawi ya mvula, musanyamuke masana

Asisi musayerekeze. Mukufunsa zonyamuka Lachisanu mutaweruka kuntchito, mvula ili mkati chonchi, mwana kumsana, kupita ku Tsangano ku Ntcheu? Ayi ndithu. Ine msewu umenewo unandimanitsa maliro a malume anga amene anandilera ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Unali January 2024, kwacha itangogwa ndi 44% mu November muja, thiransipoti itakwera aliyense akungotchula mtengo wake. Uthenga unandipeza usiku kuti mawa lomwelo akuika. 6 koloko m'mawa ndinali kale mu depoti ku Lilongwe nkhata ili m'manja, shuga ndi mchere zili m'chikwama. Oitanira anandilanda chikwama ndisanayankhule nkomwe, akuti mayi iyi ya Ntcheu yatsala anthu awiri ikunyamuka pompano. Ndinaona yadzazadi nde ndinalipira. Kenako mmodzimmodzi anayamba kutsika, kodi anali anyamata awo omwe amawakhazikamo kuti izioneka yodzaza. Dalaivala akungoliza injini, kuyenda pang'ono, kubwerera. Ndalama yanga anakana kubweza. Tinatuluka mu depoti cha m'ma 9, titapanikizana folofolo, nkuyambanso kuima paliponse, Nathenje, Linthipe, munthu akangokweza dzanja basi.

Pa Dedza nde pamene anandilakwira kwambiri. Kondakitala anangoti tsikani nonse ife tikubwerera, mukwere iyo. Anatigulitsa. Ndinamuuza misozi ili m'maso kuti achimwene ndikupita ku maliro a munthu amene anandilipirira fizi, chenji changa mundipatse ndikwere Sienta yomwe yadzaza kaleyo, iye akuti chenji mukatenga kwa mnzangayo. Mnzakeyo akuti ine sanandipatse kanthu. Ndikucheuka uyu wapita kale. Anthu amenewa alibe chisoni, amaona ngati tonse tikupita kokacheza, ndipo adalaivala anangokhala phee ngati sizikuwakhudza. Winayonso anakaima pa Lizulu kudikira matumba a kabichi ndi mbatatesi amangidwe kumbuyo, mwina mphindi 40. Pa Tsangano turn off ndinatsika 1 koloko itadutsa, kumwamba kutada bii.

Matola kunalibe, akuti lole yomaliza yatitimira kutsogolo. Kunatsala a kabaza okha, ndalama inatsala nane yosakwana, mnyamata wina anandimvera chisoni nkuvomera kuti zotsalazo ndimutumizire pa Airtel Money ndikafika. Titangosiya pabwino mvula inayamba, ndipo dothi la kumeneko likanyowa limaterera ngati sopo, limamatirira ku matayala mpaka tayala kusiya kuzungulira, timaima iye nkumakokota ndi kamtengo. Pamtsetse wina njinga inangozembera mbali tonse khuu m'ngalande. Mwendo wanga unatsamira ekizosi, chipsera chilipo mpaka pano. Nkhata ija inathyoka pakati maluwa ali mbwee m'matope, shuga atanyowa, chitenje cholemera ndi madzi, ndipo kuja nkokwera kumazizira zedi, mano akungogundana. Ndinayesa kuimba kuti chonde dikirani pang'ono ndili pafupi, netiweki ya kwathu kulibe, foni ikungokoka ya ku Mozambique poti malire ndi pomwepo. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo nkulira mokweza ngati mwana. Mnyamata uja naye bondo likutuluka magazi koma anatola maluwa aja limodzilimodzi nkundipatsa, akuti mayi tiyeni tikafikabe. Njinga tinakankha, nsapato ndinavula nkuzigwira m'manja.

Polowa m'mudzi ndinakumana ndi adzukulu akuchokera kumanda makasu ali paphewa, akukatsuka kumtsinje. Palibe amene anachita kundiuza. Azimayi anali atayamba kale kugawa nsima. Amayi anga aang'ono anangondigwira dzanja nkupita nane pamtumbira dothi likadali lofiira, ndinaika zidutswa za nkhata zija. Nkhope ya malume sindinaione chifukwa cha anthu amene anandisunga maola atatu mu depoti pofuna kudzaza minibasi.

Nde inu gonani, munyamuke Loweruka m'mamawa, ngakhale kulawirako ine sikunandithandize, komabe bola kuwala. Osalipira galimoto isanatuluke mu depoti, ndipo mufunse pamaso pa anthu kuti ikufika pa turn off kapena mutisiya pa Dedza. Musakangane nawo makondakitala mumangotaya nthawi, koma chenji chanu musamusiyire, mugwireni malaya mpaka apereke. Tengani ndalama zing'onozing'ono, ya K5,000 mukangoitulutsa chenji chimasowa. Mwana mumuveke juzi ndi chipewa, mutenge ndi pulasitiki yaikulu yofunda. Kabaza ndi khanda pamatope ine sindingakulimbikitseni, dikirani matola olo ichedwe. Koma mukaona 2 koloko yakwana galimoto kulibe kwerani kabaza yemweyo, musankhe wachikulire amene ali ndi helimeti, pamtsetse muzitsika nkuyenda pansi. Ndipo muimbiretu a kumudzi lero akuuzeni ngati yagwa sabata ino, akhozanso kukutumizirani wa njinga amene amamudziwa adzakudikireni pa turn off.