Kodi George V, Wilhelm II ndi Nicholas II onse anali pachisuweni?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri kusekondale. Pophunzitsa za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ndimauza ana kuti mafumu a Britain, Germany ndi Russia anali asuweni, monga amanenera mabuku a Chingerezi. Mnzanga akuti ndikusokoneza ubale. Zoona n'ziti?

Aphunzitsi, mnzanuyo ali ndi mfundo. Mawu akuti "cousin" amaunjika pamodzi anthu amene ife timawasiyanitsa. Kwathu msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali basi. Mwana wa amayi aang'ono kapena amayi aakulu ndi m'bale wako, ndipo nthabwala zachisuweni sizifikako.

Tiyambe ndi George V wa ku Britain. Bambo ake, Edward VII, anali mlongo wake wa Victoria, mayi a Wilhelm II wa ku Germany, onse awiri ana a Mfumukazi Victoria imene inalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Ndiye kuti Edward anali malume ake a Wilhelm, ndipo mayi a Wilhelm anali azakhali a George. George ndi Wilhelm ndiwo asuweni enieni.

Nicholas II wa ku Russia nkhani yake ndi ina. Mayi ake, Dagmar, anali mng'ono wawo wa mayi a George, Alexandra, ana a Mfumu Christian IX ya ku Denmark. Choncho George, wobadwa mu 1865, anali mkulu wake wa Nicholas, wobadwa mu 1868. Mukapeza chithunzi chimene anaima limodzi muwaonetse anawo: nkhope ndi ndevu zomwe, ngati mapasa. Ine ndimaumirira kuti tizinena molondola chifukwa nkhani yake imalemera mosiyana. Nicholas atatula pansi ufumu mu 1917, Britain inalonjeza kumulandira, kenako inabweza mawu George atadera nkhawa ufumu wake. Mu 1918 Nicholas anaphedwa mumzinda wa Yekaterinburg ku Russia pamodzi ndi mkazi wake ndi ana asanu. Mwana wa kuno akamva kuti amene anamutsekera khomoyo anali mkulu wake, saiwalanso phunzirolo.

Nanga Wilhelm ndi Nicholas? Ubale wawo wa magazi unali wapatali. Koma mkazi wa Nicholas anali mwana wa Alice, mng'ono wawo wa mayi a Wilhelm. Mkaziyo kwa Wilhelm anali mlongo wake, ndiye Wilhelm ndi Nicholas tingangoti anali pachilamu.

Funso: Pawailesi ankati "Mfumukazi Elizabeth", lero akuti "Mfumukazi Camilla". Kodi udindo wawo ndi umodzi?

Ayi amayi, si umodzi. Elizabeth Wachiwiri analowa ufumu wa bambo ake, George VI, mu 1952 ndipo anaugwira yekha mpaka imfa yake mu 2022. Mwamuna wake Philip sanatchedwepo mfumu. Camilla watchedwa mfumukazi chifukwa ndi mkazi wa Mfumu Charles Wachitatu. Kumudzi mayi akalongedwa ufumu timangoti "amfumu", ndipo sitimusokoneza ndi akazi a amfumu. Polemba, ngati pali poti owerenga angasokonezeke, nenani kuti "mkazi wa mfumu" ponena za Camilla, ndipo "mfumukazi yolamulira" ponena za Elizabeth kapena Margrethe wa ku Denmark, amene anasiyira mwana wake Frederik ufumu mu 2024.