Yankho pa mawu a "borrow", "lend", "stay" ndi "late"

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anakanira chiganizo cha mwana wanu chakuti "borrow me your pen", komanso ngati mawu a "stay" ndi "late" timawagwiritsa ntchito moyenera. Aphunzitsiwo sanalakwitse. M'Chingerezi wolandira chinthu ndiye amachita "borrow", pamene wopereka amachita "lend", choncho mwanayo anayenera kulemba kuti "lend me your pen" kapena "may I borrow your pen?" Gwero la chisokonezochi ndi chinenero chathu, chifukwa ife timati "ndabwereka njinga" ndiponso "ndibwerekeni njinga", mneni mmodzimodziyo n'kumagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Pa ngongole m'pamene timasiyanitsa bwino: mayi wa pamsika wa Soweto akakongola ndalama za kaloba, wachita "borrow", ndipo womukongozayo wachita "lend".

Muno mu Lusaka aliyense amamva mukanena kuti "I stay in Matero", koma pa mayeso kapena m'kalata yofunsira ntchito lembani "I live in Matero", popeza "stay" kawirikawiri amanena za kukhala kwa kanthawi, monga mlendo wogona masiku awiri ku Livingstone.

Amene ndimadandaula nawo kwambiri ndi "late". Mngelezi akamva kuti "my father is late" amangoganiza kuti bambowo achedwa. Tanthauzo la malemu limabwera mawuwo akatsogola dzina, monga "my late father" kapena "the late Kenneth Kaunda", amene anamwalira mu 2021. Polengeza maliro kwa abwana a kunja, lembani "he has died" kapena "he has passed away", kuti uthenga wolemera chotere usamveke molakwika.