Kodi ndalama za misonkho zizithandiza shinty? Yankho langa kwa mayi mnzanga wa ku Inverness

Mayi wina wakwathu ku Malawi, yemwe tsopano akukhala pafupi ndi Inverness, wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 9 wayamba kusewera shinty, masewera a ndodo ndi kampira a kumapiri a ku Scotland, ndipo kalabu yapempha makolo kuti asayine kalata yopempha khonsolo ndalama zokonzera bwalo. Akufunsa ngati n'koyenera kuti misonkho ipite ku masewera a anthu ochepa chotere pamene odwala akudikira miyezi kuti aonane ndi dokotala, komanso ngati mwanayo sakutaya nthawi pa chinthu chimene chikutha.

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa funso lachiwirilo ndinalifunsapo ine ndemwe, ndipo ndinalifunsa mokalipa. Titangofika kuno ku dera la Lochaber, mwana wanga wamwamuna anabwera kuchokera kusukulu atanyamula ndodo yopindika kumapeto, mlomo utatupa, koma nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Ndinamuuza kuti sitinawoloke nyanja kudzamenyana ndi zibonga, ndipo ngati akufuna masewera asankhe mpira wamiyendo umene dziko lonse limaudziwa. Anandimvera kwa milungu iwiri yokha. Tsiku lina bambo wina wachikulire wa m'mudzimo anagogoda pakhomo, nandipempha mwaulemu kuti ndilole mwanayo apite nawo Loweruka, chifukwa popanda iyeyo timu ya ana sikwanira ndipo masewerawo alephereka. Mawu akuti "sikwanira" amenewo ndi amene ndakhala ndikuwamva chaka ndi chaka kuyambira tsiku limenelo, ndipo nkhani yonse ya ndalama za boma yagona pamenepo.

Kwa owerenga amene simunaonepo masewerawa, shinty imaseweredwa ndi anthu 12 mbali iliyonse, pabwalo la udzu lalitali kuposa la mpira wamiyendo, pogwiritsa ntchito kampira kakang'ono kolimba ndi ndodo yotchedwa caman. Eni ake, m'chiyankhulo cha Gaelic, amati camanachd kapena iomain. Kale midzi yathunthu inkathamangitsana pamchenga wa m'mbali mwa nyanja pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo malamulo amodzi anadza pamene bungwe la Camanachd Association linakhazikitsidwa mu 1893. Chikho chachikulu, Camanachd Cup, chinayamba mu 1896 ndipo timu ya mudzi wa Kingussie ndiyo inachitenga koyamba. Kingussie yomweyo inadzapambana ligi zaka 20 zotsatizana, pamene Newtonmore, mudzi umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 5 okha kuchokera pamenepo, ndiyo yatenga chikhocho kambiri kuposa timu ina iliyonse. Midzi iwiri yonseyi ndi yaing'ono kuposa malo ambiri ochitira malonda a kwathu, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti moyo wa masewerawa uli m'manja mwa mabanja owerengeka.

Chimene chinasintha mtima wanga kotheratu chinachitika kuntchito. Ndimasamalira okalamba, ndipo tinali ndi agogo ena aamuna amene matenda oiwala anali atawalanda pafupifupi mawu onse, moti ankakhala pawindo tsiku lonse osayankha ngakhale moni. Tsiku lina mwana wanga anadzanditenga ataweruka kokonzekera masewera, ndodo ili m'manja. Agogowo anatambasula dzanja, naitenga, naiyesa kulemera kwake, nayendetsa chala m'mbali mwake monga mmene mmisiri amayesera mpini wa khasu, kenako anayamba kuyankhula m'Gaelic mosadodoma, kutchula mayina a anzawo amene ankasewera nawo zaka zoposa 60 zapitazo. Anzanga apantchito analira, inenso ndinalira. Ndinakumbukira agogo anga aku Ntcheu amene ankatisemera nguli, ndipo ndinadzifunsa kuti ndi ana angati lero amene angaizungulitse ndi mkwapulo. Palibe amene analetsa nguli, koma oisema anatha mmodzimmodzi popanda wowalowa m'malo.

Choncho mukandifunsa ngati boma lithandize, ndikuyankha mosazengereza kuti inde, ndipo ndikukana ganizo lakuti tisankhe pakati pa chipatala ndi bwalo la masewera. Ndalama zimene bungwe la sportscotland limapereka ku masewera onse, zochokera ku boma la Scotland ndi ku National Lottery, ndi kadontho chabe poyerekeza ndi bajeti ya zaumoyo, ndipo gawo la shinty pa kadonthoko ndi laling'ono kwambiri. Ngakhale mutazilanda zonse lero, mzere wa kuchipatala sungafupike ndi tsiku limodzi, koma midzi yambiri ingataye chinthu chokhacho chimene chimasonkhanitsa mwana, kholo ndi gogo pamalo amodzi Loweruka masana. Kuwonjezera apo, mpira wamiyendo ukafooka ku Scotland udzapitirira ku Brazil ndi ku Malawi, pamene shinty ikafa kumapiri kuno palibe dziko lina limene lingaisunge.

Anthu ena amaloza ku Ireland, kumene kuli masewera achibale otchedwa hurling, n'kumati bwanji shinty siidziimira payokha ngati iwo. Kuyerekezaku n'kosalungama. Bungwe loyendetsa hurling la GAA, limene linayamba mu 1884 ku Thurles, linakula pamodzi ndi mtima wofuna ufulu wa dziko lonse, liri ndi makalabu pafupifupi m'parishi iliyonse, ndipo bwalo lake la Croke Park ku Dublin limalowa anthu oposa 82,000. Ngakhale liri ndi mphamvu zotero, boma la Ireland limaperekabe thandizo kwa osewera a m'matimu a zigawo, ndipo mu 2018 UNESCO inaika hurling pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Ngati wamphamvuyo amathandizidwa, n'zovuta kumvetsa chifukwa chimene wofookayo ayenera kuuzidwa kuti adzionere yekha. Kwa zaka zoposa 30 ligi ya shinty yadalira kwambiri kampani yoweta nsomba ya Marine Harvest, imene pano ikutchedwa Mowi, ndipo ngakhale thandizolo ndi loyamikika, si nzeru kuti cholowa cha mtundu chitsamire pa chifuniro cha kampani imodzi, imene mawa ikhoza kusintha maganizo malinga ndi malonda ake.

Kumene ndalamazo ziyenera kupita

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi akuluakulu ena. Ndalama za boma zimakonda zinthu zooneka, monga nyumba yatsopano imene nduna ingadule riboni, ndipo sindikutsutsa kukonzedwa kwa bwalo la Bught Park ku Inverness, chifukwa masewera akuluakulu amafunika malo oyenera. Koma zimene zimapha timu ya kumudzi ndi zinthu zosasangalatsa kuzijambula: mafuta a minibasi, ngalande zochotsa madzi pabwalo m'dziko limene mvula siikata, inshuwalansi, zisoti zoteteza mutu, ndi malipiro a mphunzitsi woyendera masukulu a pulayimale. Timu ya pachilumba cha Lewis imayenera kukwera sitima yapamadzi kuchokera ku Stornoway kupita ku Ullapool, ulendo wa maola oposa awiri, isanayambe n'komwe ulendo wapamsewu. Ine ndinakhalapo m'komiti ya makolo, ndipo tinatha miyezi itatu tikulemba mafomu opempha thandizo la mayendedwe ku ofesi ina, n'kuyankhidwa kuti thumba lawo limalipira zinthu zatsopano zokha, osati zimene zikuchitika kale. Chaka chimenecho timu yathu yachiwiri inalephera kupita ku masewera angapo, ndipo anyamata atatu anasiyiratu. Thandizo la chaka chimodzi silimanga kalabu, chifukwa mwana amene wagwira caman ali ndi zaka 7 amafunika zaka khumi kuti afike mu timu yaikulu.

Palinso nkhani ya ndodo zenizenizo. Kale caman inkasemedwa kuchokera ku mtengo wa ash, pano zambiri ndi za hickory, ndipo amisiri odziwa kuzipanga atsala ochepa kwambiri. Kulipira mnyamata kapena mtsikana mmodzi kuti aphunzire ntchitoyi kwa zaka zingapo kungadye ndalama zochepa kuposa khoma limodzi la nyumba yatsopano. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali nyumba zokhalamo. Achinyamata akamaliza sukulu amapita ku Glasgow kapena ku Aberdeen, ndipo akafuna kubwerera amapeza nyumba za m'mudzi mwawo zasanduka zogona alendo odzaona malo, mitengo yake yosafikirika. Bwalo likhoza kukhala losalala ngati tebulo, koma ngati achinyamata 12 alibe pokhala, palibe amene adzaseweretsapo. Vuto lomweli ndi limene likudya chiyankhulo cha Gaelic, chimene pa kalembera wa 2011 chinali ndi ochiyankhula pafupifupi 57,000, ngakhale chiri ndi lamulo lochiteteza la 2005 ndi kanema wa BBC Alba amene amaonetsanso shinty.

Za mwana wanu, amayi, musiyeni asewere, chifukwa mbali ya atsikana ndi amayi ndi imene yakula kwambiri chiyambireni bungwe lawo mu 2001, ndipo makalabu ena akupuma lero chifukwa cha iwo. Musathamangire kugula zida. Funsani kaye ngati kalabu ili ndi chisoti ndi caman zobwereketsa, popeza ambiri amasunga za ana amene anakula. Kalatayo sayinani, koma funsani komiti kuti ndalamazo zikabwera adzasamalira bwalolo ndi ndani chaka chachiwiri ndi chachitatu, ndipo ngati mungathe lemberani khansala wa dera lanu m'mawu anuanu. Ngati muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto, auzeni aphunzitsi ake, chifukwa Loweruka likubwerali pali ana ena amene akusowa wowanyamula.