Mamendulo a agogo musawagulitse mothamanga

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwapeza mamendulo anayi a malemu agogo muthiranki ku Mabvuku ndiye wina akuti akupatsani $20 onse pamodzi. Chonde dikirani kaye, munthuyo mungomuuza kuti mukufunsa akubanja.

Musawakweche ndi Brasso kapena phulusa ayi, ndipo kansalu kopachikira mendulo kaja olo katuwe bwanji musakadule, ogula amawafuna mmene aliri choncho. Tengani ozungulirawo mutuluke nawo panja powala muyang'ane mmphepete mwake. Ngati agogo anali a Keyala, King's African Rifles ya ku Zomba ija, ndipo anapita ku Malaya cha mma 1952 mpaka 1954, General Service Medal yawo ikhala ndi nambala, dzina ndi gulu lawo, timalemba ting'onoting'ono zedi. A nkhondo ya 1914 nawonso amalembedwa maina. Koma a 1939 mpaka 1945 monga Burma Star ndi Africa Star ambiri anaperekedwa opanda dzina komanso anapangidwa ochuluka, nchifukwa chake paokha sadula. Chimene chimakweza mtengo ndi umboni woti anali a ndani, ndiye bwererani muthirankimo, chikalata chotulukira usilikali, chithunzi atavala yunifomu, olo kalata yong'ambika, zonse zikhale pamodzi ndi mamendulowo.

Ndipo musagawane wina imodzi wina imodzi. Kwathu zinachitika, msuweni wanga anatenga Burma Star ya agogo, kansalu kofiira pakati, mmbali buluu ndi timizere ta olenji, nkukagulitsa mtauni, ndalama yake inathera pa golosale ya tsiku limodzi. Agogowo ankaivala pa jekete mu November akamakumbukira anzawo amene anatsala kunkhondo, mpaka lero amayi akaona atatu otsalawo amangoti zii.

Ngati mavuto akupanikizanidi, ndipo ndikudziwa mmene zinthu zilili muno mu Harare, okushoni ya zimenezi ilipo ku London, Noonans ndi Spink, mutha kuwatumizira zithunzi pa imelo akuuzeni mtengo wongoyerekeza, kungoti akagulitsa amadulapo yawo. Koma ine ndikanakhala inu ndikanawasunga, ambiri a ife obadwira kuno ku Zimbabwe, ku Malawi timangokumva, ndiye dzina la agogo pachitsulo chija si chinthu chamasewera.

Jambulani mbali zonse ndi mmphepetemo muponye muno tikuthandizeni kuwerenga.